Makina a Imedi

Imedi anabwera kuchokera ku Joni mu Okutobala,
malata akulira ndi dzuwa,
ali ndi chikwama chimodzi cha zovala
ndi katoni yomwe anakaniza wakabaza kumanga kumbuyo.
Anaifungatira yekha kuchokera pa depoti
mpaka kwathu ku Mpondasi.

M'katonimo munali makina akuda, onyezimira,
msinkhu wa nkhuku yokhalira mazira.
Pambali pake timabekete ta pulasitiki makumi atatu,
tomatidwa kukamwa,
kalikonse kapu imodzi.
"Ungodina apa," anatero. "Basi."

Ndinadina.
Anatsokomola, anang'ung'udza,
n'kulavulira khofi wathovu m'kapu ya alendo.
Ndisaname, ankakoma.
Fungo linadumpha mpanda
ndisanamalize kumanga mpango kumutu.

Koma ine ndimagulitsa mchere pamsika,
maso anga amawerenga okha.

Mawa lake amalume anafika ndi anzawo anayi
kudzaona wobwera.
Makina sadziwa mawu oti tonse.
Amathirira mmodzi, ena akuyang'ana kudenga,
ndipo wachisanu polandira yake
woyamba anali atayamba kale kufunsa nsapato.
Tisanu kudzala.
Kwatsala makumi awiri ndi tinayi.

Khofi wa anthu olemera sindinayambe kumuona lero.
Ndinagwirapo ntchito pa loji ina cha ku Namiasi,
kumene ankamuviika m'botolo lagalasi
n'kukanikiza ndodo pang'onopang'ono ngati popopa tayala lanthenda.
Lija linkathirira atatu.
Litandiphonyoka m'manja
anandidula malipiro a sabata ziwiri.

Lachinayi magetsi anazima tikuchokera ku mzikiti.
Makina anangoti phee patebulo,
mlendo wosamva chinenero cha pakhomo.

Bambo, amene sanayankhulepo chilichonse sabata yonse,
anatulutsa kapoto kawo kopindika chogwirira,
anakoleza makala,
nasinja khofi mu kamtondo pamodzi ndi jinja.
Amadikira awire, atukuke, amachotsa.
Amabwezera. Katatu.
Kenako kansalu kaja,
kodulidwa ku malaya omwe anavala paukwati wawo,
kakuda tsopano moti sopo anakagonja kalekale.
Mphindi makumi awiri zimatha,
ndipo m'mphindi zimenezo munthu umamva
amene wadwala, amene wagula mbuzi,
mtengo wa feteleza ku Namwera.
Pansi pa kapu pamatsala matope.
Tsiku lina amawawa, tsiku lina amachita madzi,
zimatengera bambo agona bwanji.

Ndinamuseka Imedi. Ndinati,
"Ndalama zonsezo, kugula chinthu cha munthu mmodzi?"

Sanakwiye.
Anazunguza kapu m'manja mwake, nati,
"Ndinkadzuka folo koloko, kukuzizira mpaka m'mano.
Chipinda changa chinali ngati bafa yanuyi.
Makala saloledwa.
Ndikadina, pamakhala chinthu chimodzi m'nyumbamo
chondiyankha.
Kapu imodzi inkakwana, Asiyatu.
Wachiwiri akanakhala ndani?"

Bambo anamuwonjezera osamufunsa.

Timabekete tinatha mwezi usanathe.
Anazungulira mashopu onse a pa boma,
ena anamuonetsa mabatire, ena mankhwala a udzudzu.
Totha kale ndinatola, ndinatsuka.
Tiwiri ndimayezera mchere,
m'tina mwamera mbande za tomato pawindo.

Mu Januwale anabwerera.
Makina anawalongedzanso mu katoni yawo,
kumeneko ndi kumene ali ndi ntchito.
Titabwera kokamuperekeza
bambo anakoleza makala monga mwa masiku onse,
anafunafuna pa msomali, kuseri kwa chitseko, m'thumba la mkanjo.
Kansalu kaja panalibe.

Sanafunse munthu.
Anatenga lumo,
nalowa kuchipinda kukasankha malaya ena.